Mwana Akatenga Fizikisi ku Fomu 3 ndi 4: Zimene Banja Lingachite Kuti Akhoze

M'makomo ambiri kuno kwa Chitukula, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu, ku Nambuma mpaka ku Namitete, mwana akanena kuti akupitiriza Fizikisi ku Fomu 3, makolo amangoti, "Limbikira mwanawe," nkhani n'kuthera pomwepo. Sikuti safuna kuthandiza. Ambiri sadafike ku sekondale, ndipo amene adafikako adaphunzira Physical Science, phunziro limene masiku ano lidagawidwa pawiri, Fizikisi payokha, Kemisitiri payokha. Akatsegula kope la mwana n'kuona zilembo zosakanikirana ndi manambala, amalitseka msanga n'kunena kuti izi n'za aphunzitsi.

Kuphunzitsa n'kwa aphunzitsi, inde. Koma zambiri zimene zimagwetsa mwana pa phunziroli zili m'manja mwa banja: nthawi, kuwala, zipangizo ndi munthu womumvetsera. Fizikisi silowa m'mutu poloweza manotsi. Imalowa poyeza zinthu ndi manja, powerengera, ndi pobwereza mafunso mpaka dzanja litazolowera. Zonsezi zimatheka pakhonde la nyumba yofolera udzu, kumene waya wa ESCOM sadafike. Malangizo awa ndi a inu bambo ndi mayi, agogo, atsibweni ndi aliyense amene akulera mwana wa Fomu 3 kapena Fomu 4.

Dziwani katundu amene mwana wasenza

Silabasi ya m'sukulu za sekondale imakonzedwa ku Malawi Institute of Education, ku Domasi, ndipo mayeso a MSCE amachokera ku bungwe la MANEB ku Zomba. M'zaka ziwiri zomalizazi, mwana amaphunzira za kayendedwe ka zinthu ndi malamulo a Newton, mphamvu ndi makina osavuta, kutentha ndi kufufuma kwa zinthu, mpweya ndi kupanikiza kwake, mafunde ndi mawu, kuwala ndi magalasi, magetsi ndi maginito, zoyambira za electronics, komanso za mkati mwa atomu ndi radioactivity. Mitu imeneyi ndi yolumikizana. Amene sadamve za mphamvu ku Fomu 3 amadzavutika ndi magetsi ku Fomu 4, choncho musadikire chaka cha mayeso kuti muyambe kulondoloza.

Pa mayeso pali pepala lolemba ndi pepala la practical, limene limafuna kuti mwana adziwe kugwira zipangizo, kuyeza, kulemba zimene wapeza m'tebulo ndi kujambula galafu. Magiredi amayambira pa 1 mpaka 9. Giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, ndipo 9 ndi kulephera. Mapointi amene mumamva pa wailesi zotsatira zikatuluka amachokera pa maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wakhoza bwino koposa, ndipo ochepa ndiwo abwino.

Ana ambiri amafuna kuisiya Fizikisi polembetsa mayeso poopa kuti iwakwezera mapointi. Musavomere msanga. Khalani naye pansi, mumufunse chimene akufuna kudzakhala. Uinjiniya ku MUBAS ku Blantyre kapena ku MUST ku Thyolo umafuna Masamu ndi Fizikisi. Udokotala ku KUHeS umafuna maphunziro a sayansi, Fizikisi ili momwemo. Chimodzimodzi uinjiniya wa ulimi wothirira ku Bunda, za mphamvu ya dzuwa ku Mzuzu University, ndi uphunzitsi wa sayansi ku koleji ya Nalikule kapena ya Domasi. Ngakhale amene adzapite ku Namitete Technical College kapena ku Lilongwe Technical College kukaphunzira ntchito zamanja adzakumana nayo pa zamagetsi, kuwotcherera ndi umakaniko. Chaka chilichonse bungwe la NCHE limalengeza zofunika pa kosi iliyonse ya m'mayunivesite a boma. Pemphani aphunzitsi aakulu akuonetseni chilengezo cha chaka chatha mwana asadasiye phunziro lililonse.

Choyamba ndi nthawi

Chaka cha sukulu chimayamba mu Seputembala, mayeso a MSCE n'kubwera pakati pa chaka chotsatira. Ndiye kuti miyezi yofunika kwambiri kwa mwana wa Fomu 4 ndi yomweyo imene kumunda kumakhala kotentha: kupalira ndi kubandira, kuthyola fodya, kusoka ndi kupachika m'chigafa, kenako kusankha ndi kudinda mabelo opita ku Kanengo, kukumba mtedza, kukolola soya ndi chimanga. Mwana amene waweruka kusukulu, wapalasa njinga mtunda wautali, n'kukalowa m'chigafa mpaka mdima, sangakhale ndi mutu wowerengera. Adzatsegula buku n'kugona pomwepo.

Gwirizanani pabanja kuti pakati pa sabata mwana akhale ndi ola limodzi ndi theka tsiku lililonse la Fizikisi ndi Masamu, kupatula nthawi ya maphunziro ena. Loweruka mupatseni maola awiri osamutuma kulikonse. Ntchito azigwira ndithu, koma ikhale ndi malire odziwika: akamaliza gawo lake, aweruke. Ngati n'kotheka, kuyambira Epulo mpaka mayeso, gawo lakelo litengedwe ndi abale ake kapena mulembe waganyu. Ana ambiri amamva bwino m'bandakucha, mutu usadatope, kusiyana ndi usiku. Muyeseni nthawi zonse ziwiri, muone imene ikumuyanja.

Pa nkhani ya nthawi, amene amaponderezeka kwambiri ndi mtsikana. Mnyamata akaweruka amapeza nsima yaphikidwa, pamene mtsikana amafikira kumjigo, kunkhuni, kumoto ndi kutsuka mbale. Kenako timanena kuti sayansi ndi ya anyamata. Pepala la MANEB ndi limodzi kwa onse, ndipo mutu wa mtsikana ulibe chosowa. Amayi, gawani ntchito za pakhomo mofanana, anyamata nawo atunge madzi ndi kuphika.

Kuwala, tebulo ndi zipangizo

Mukagulitsa fodya, soya kapena mtedza, kanyale ka sola kakhale pa zinthu zoyamba kugula. Koloboyi amafuka utsi woyabwa m'maso ndipo kuwala kwake sikukwanira pojambula galafu. Kandulo pafupi ndi mapepala m'nyumba ya udzu ndi ngozi, makamaka mwana akasinza. Nyale yowerengera isakhale yomweyo yopita nayo kukhola kapena kubafa. Tebulo likhale lathyathyathya, ngakhale thabwa losalala loika pa njerwa, chifukwa mzere wowongoka sujambulika pamwendo.

Zogula n'zochepa: kakyuleta ya sayansi, bokosi la zipangizo za Masamu, rula ya masentimita 30, mapensulo, mapepala a galafu, ndi makope awiri a Fizikisi yokha, limodzi la manotsi, lina la kuwerengera. Kakyuleta igulidwe ku Fomu 3. Mwana wobwereka kakyuleta m'mawa wa tsiku la mayeso amataya nthawi kufunafuna mabatani. Ya pafoni siloledwa m'chipinda cha mayeso, ndiye asaizolowere.

Buku la Fizikisi logwirizana ndi silabasi ya tsopano ndi lofunika kuposa mulu wa timapepala ta manotsi. Funsani mphunzitsi wa phunziroli dzina la buku limene akugwiritsa ntchito. Likakhala lokwera mtengo, mabanja atatu kapena anayi asonkhe, ana azisinthana. Wina akamapita m'tauni angakafunsenso ku National Library ku City Centre. Musapeputse buku limodzi. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002. Mabuku a m'kalaibulale ka kwawo, makamaka Explaining Physics ndi Using Energy, ndiwo adamuthandiza kupanga makina a mphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga. Adadzabwerera kusukulu mpaka kumaliza digiri ku Dartmouth College ku America mu 2014.

Pakhomo panu pali labotale

Masukulu ambiri a CDSS alibe labotale yokwanira, ndipo ana ena amagwira chipangizo koyamba mayeso atayandikira. Aphunzitsi a m'dziko muno amaidziwa njira ya TALULAR, yophunzitsira ndi zinthu zopezeka pamalopo. Njira yomweyo igwira ntchito pakhomo. Mwana azichita chimodzi mwa zotsatirazi pa sabata, ndipo chilichonse achilembe m'kope.

*Chingwe ndi mwala.* Mangani kamwala kapena nati ya njinga kunsonga ya ulusi wolimba. Kolowekani ulusiwo pa msomali wa pa phaso kapena pa nthambi, kutalika kwake kukhale mita imodzi kuchokera pa msomali kufika pakati pa mwalawo. Kokerani mwalawo pambali pang'ono chabe, n'kuusiya. Kupita ndi kubwera ndi ulendo umodzi. Mwana awerenge maulendo 20, mng'ono wake atagwira wotchi ya pafoni. Apeza masekondi pafupifupi 40, kutanthauza kuti ulendo umodzi ndi masekondi awiri. Tsopano afupikitse ulusi ufike masentimita 25. Maulendo 20 atenga masekondi pafupifupi 20. Ayesenso pa masentimita 40, 60 ndi 80, paliponse katatu, n'kupeza nambala ya pakati. Kenako asinthe mwala aikepo wolemera kwambiri, ulusi osausintha. Adabwa kuona kuti nthawi sikusintha. Ndi manambala amenewa angathe kujambula galafu ndi kuwerengera mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, ndipo yankho lake lidzayandikira 9.8, nambala yomwe ili m'buku. Ntchito imodzi yokhayi ikumuphunzitsa kuyeza, kubwereza, kulemba tebulo ndi kujambula galafu, zimene pepala la practical limafuna.

*Magalasi a agogo.* Magalasi owerengera ogulitsidwa pamsika amakhala ndi nambala yolembedwa pa mwendo kapena pa kapepala, monga +2.00. Masana, mwana alowe m'chipinda cha mdima pang'ono, agwire galasilo moyang'anizana ndi zenera, kumbuyo kwake aikeko pepala loyera. Asunthe pepalalo pang'onopang'ono mpaka mtengo wa patali panja uoneke bwinobwino papepalapo. Auona uli waung'ono komanso wozondoka. Ayeze mtunda wa pakati pa galasi ndi pepala. Ngati galasilo ndi la +2.00, apeza masentimita pafupifupi 50, ndipo imeneyo ndiyo focal length imene amaiwerenga m'kalasi. Akabweretsa galasi lomwelo pafupi ndi zilembo za m'buku, ziona zazikulu ndi zosazondoka. Afotokoze chifukwa chake pojambula mizere ya kuwala.

*Mjigo ndi wilibala.* Potunga madzi, agwire chogwirira cha mjigo kunsonga, kenako achigwire pafupi ndi pamene chimazungulirira, amve kusiyana kwa kulemera. Pa wilibala angawerengere ndithu. Thumba la chimanga la makilogalamu 50 limalemera ma newton pafupifupi 500. Likakhala masentimita 40 kuchokera pa tayala, zogwirira zili masentimita 120 kuchokera pa tayala lomwelo, manja amanyamula gawo limodzi mwa magawo atatu a katunduyo, ma newton pafupifupi 167, kupatula kulemera kwa wilibala. Asunthire thumbalo kufupi ndi zogwirira, awerengerenso, kenako anyamule kuti manja atsimikize yankho.

*Botolo la mabowo atatu.* Boolani botolo la pulasitiki m'mbali ndi msomali, bowo lina m'mwamba, lina pakati, lina m'munsi. Mukalidzaza, madzi a bowo la m'munsi amatuluka mwamphamvu kuposa enawo, chifukwa kupanikiza kwa madzi kumakula ndi kuya. Kuchokera apa mwana afotokoze chifukwa chimene khoma la damu, ngati la Kamuzu Dam pa mtsinje wa Lilongwe, limakhala lonenepa m'munsi, ndi chifukwa chimene pampu yopalasa ndi miyendo ya kudimba singakoke madzi m'chitsime chakuya kwambiri. Mpweya wotizungulirawu sungakankhire madzi m'paipi kupitirira mamita pafupifupi 10.

*Mphezi ndi ndege.* Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, pamene kuwala kumafika nthawi yomweyo. Nyengo ya mvula, ali m'nyumba, mwana awerenge masekondi kuchokera pamene kwang'anima kufika pamene bingu lagunda. Masekondi atatu aliwonse ndi pafupifupi kilomita imodzi. Amene muli kufupi ndi bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi mumaona kuti ndege ikakwera, phokoso limamveka ngati likuchokera m'mbuyo mwake. Chifukwa chake n'chomwecho.

*Magetsi a m'nyumba.* Chipangizo chilichonse chimalembedwa mawati ake. Yuniti imodzi ya ESCOM ndi mawati 1,000 ogwira ntchito kwa ola limodzi. Ndiye kuti simbi ya mawati 1,000 imadya yuniti yathunthu pa ola, pamene babu la mawati 10 limatenga maola 100 kuti limalize yuniti imodzi. Kumene kuli sola, mwana awerenge zolembedwa kuseri kwa panelo ndi pa batire. Batire la mavoti 12 lolembedwa 7Ah limasunga mphamvu yoyatsa babu la mawati 3 kwa maola 28 powerengera papepala, ngakhale kuti kulitsitsa mpaka kutheratu kumaliwononga. Mpatseni udindo wowerengera kuti batire lanu lingapirire mababu angati ndi mafoni angati usiku umodzi. Amene ali ndi waya wakopa wokutidwa wochokera mu wailesi yakufa aukulunge pa msomali waukulu, alumikize nsonga zake ku batire la tochi, aone msomali ukunyamula mapini. Achulukitse mipindi ya waya, awerengenso mapini. Asalumikize nthawi yaitali chifukwa waya amatentha.

*Timakatoni 100.* Mutu wa radioactivity umaoneka wakutali, koma uli m'dziko mwathu: ku Kayelekera ku Karonga kuli mgodi wa uranium umene udatsegulidwa mu 2009. Kuti amvetse half-life, mwana adule timakatoni 100 tofanana, tonse atilembe chizindikiro mbali imodzi. Atiike m'lichero, atiponye pamphasa, achotse tonse tagwa chizindikiro chili m'mwamba, awerenge totsala. Abwereze mpaka titatha. Tidzatsika kuchoka pa 100 kufika pafupi ndi 50, kenako 25, kenako 12. Akajambula galafu, atulutsa mzere wopindika wofanana ndi wa m'buku.

Zina n'zongofunsa pamene mukugwira ntchito. Bwanji malata amalira dzuwa likaswa mtengo ndiponso kukayamba kuzizira? Bwanji madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'chigubu? Sikelo yolendewera ya ogula mbewu imagwira ntchito motani, nanga sipuling'i yake ikatamuka kwambiri imanamiza ndani? Mwana akadzawiritsa madzi kusukulu n'kupeza kuti akuwira pa madigiri pafupifupi 96 m'malo mwa 100, asaganize kuti walakwitsa. Chigwa cha Lilongwe chili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamalo okwera madzi amawira msanga.

Chenjezo

Zoyesa zonse za magetsi zikhale za mabatire a tochi kapena sola yaing'ono. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi mavoti 230 ndipo amapha. Mwana asatsegule soketi, mita kapena wailesi yolumikizidwa kukhoma, ndipo asayandikire thiransifoma. Madzi a m'batire la galimoto ndi asidi, amawotcha khungu ndi maso. Asayang'ane dzuwa kudzera m'galasi lililonse, ndipo asalozetse kuwala kwa galasi pa udzu kapena pa fodya wouma. Mvula ya mabingu ikayamba, asabisale pansi pa mtengo kapena kuima pabwalo kuti awerenge masekondi.

Kawerengedwe koyenera

Mukaona mwana akungoyang'ana m'kope ola lonse, dzanja lili pachibwano, dziwani kuti sakuphunzira Fizikisi. Wophunzira Fizikisi amakhala ndi pensulo m'manja. Tsiku lililonse awerenge kachigawo kamodzi kwa mphindi 20, atseke buku, alembe zimene wakumbuka, kenako ayankhe mafunso osachepera asanu. Funso lowerengera liyankhidwe mwa dongosolo lomwelo nthawi zonse: alembe zimene wapatsidwa, alembe fomula, alowetse manambala, alembe yankho pamodzi ndi muyeso wake, kaya ndi mamita, masekondi, ma newton kapena ma joule. Ochonga amapereka malikisi pa njira, ndiye amene walemba yankho lokha amaluza zambiri likakhala lolakwika.

Nthawi zambiri mwana akati Fizikisi ikumuvuta, chovuta chenicheni ndi Masamu a m'munsi: kutembenuza fomula, kusintha masentimita kukhala mamita, tizigawo, ndi manambala a standard form. Pemphani mphunzitsi amuyese pa zimenezi. Zikapezeka zofooka, abwerere ku mabuku a Fomu 1 ndi 2 kwa masabata awiri kapena atatu. Palibe chochititsa manyazi pamenepo.

Chachiwiri ndi Chingerezi, chifukwa mafunso amabwera m'Chingerezi ndipo satifiketi ya MSCE situluka popanda kukhoza phunziro limeneli. Mwana adziwe kusiyana kwa mawu olamula a m'mafunso. State ikufuna yankho lalifupi, define ikufuna tanthauzo, describe ikufuna kulongosola ndondomeko, explain ikufuna chifukwa, calculate ikufuna kuwerengera. Kumapeto kwa kope akhale ndi masamba a mawu atsopano, tanthauzo lake alilembe m'mawu akeake.

Pa galafu, malamulo ndi ochepa koma amabweretsa malikisi: mutu pamwamba, mizere iwiri ikuluikulu ilembedwe dzina ndi muyeso, galafu idzaze kuposa theka la pepala, mfundo zilembedwe ndi timitanda ting'onoting'ono ta pensulo yosongoka, mzere udutse pakati pa mfundozo m'malo molumikiza imodziimodzi. Powerenga rula kapena chipangizo chilichonse, diso likhale moyang'anizana ndi pamene akuwerengapo, osati chapambali.

Kuyambira teremu yachiwiri ya Fomu 4, Loweruka lililonse alembe pepala limodzi la mayeso a zaka zam'mbuyo, buku lili kutali, inu mutagwira wotchi. Lolemba akalipereke kwa mphunzitsi. Mafunso amene walakwa awalembe pamalo amodzi, awabwereze pakatha sabata.

Khalani womvetsera wake

Apa ndi pamene kholo losadziwa kuwerenga lili ndi mphamvu yofanana ndi lophunzira. Madzulo mukatha kudya, mufunseni kuti, "Lero mwaphunzira chiyani? Tandifotokozera m'Chichewa." Akayamba kutchula mawu a Chingerezi okhaokha, muuzeni kuti simunamve, abwereze ndi chitsanzo cha pakhomo pano. Akafotokoza mpaka inu mwamva chifukwa chimene dayinamo imayatsira nyale ya njinga, ndiye kuti wamvadi. Akakakamira panjira, wadziwa pamene ayenera kukafunsa mawa. Musamuseke, ndipo musamuyerekeze ndi mwana wa kwa aneba. Kamodzi pa sabata tsegulani kope lake lowerengera. Ngakhale simukumva zolembedwazo, muona ngati masamba akuwonjezeka ndiponso ngati muli cholembera chofiira cha mphunzitsi.

Anzake, aphunzitsi ndi foni

Mutu umodzi susenza denga. Ana atatu kapena anayi oyandikana midzi azikumana kawiri pa sabata, masana, pakhomo pamene pali munthu wamkulu. Aliyense abwere ndi funso limene lamukanika, ndipo azisinthana kuphunzitsa. Gulu likakula kupitirira apo limasanduka macheza.

Kamodzi pa teremu pitani kusukulu mukaonane ndi mphunzitsi wa Fizikisi. Mufunseni mitu imene amaliza, imene yatsala, ndi pamene mwana wanu akufooka. Pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi funsani kuti ana achita ma practical angati teremu imeneyo. Ngati sukulu ilibe zipangizo, komiti ikambirane ndi aphunzitsi aakulu zopempha sukulu ina ya m'kilasita yomweyo, imene ili ndi labotale, kuti ana azikaphunzirako Loweruka lina. Ndalama ya mayendedwe ikasonkhedwa ndi makolo onse siikhala yolemetsa. Mukafuna kulipira maphunziro apadera, sankhani amene amapatsa ana mafunso ndi kuwachongera, osati wongolembetsa manotsi.

Foni ya intaneti ingathandize. Pali zoyeserera za sayansi zaulere zotchedwa PhET, zochokera ku University of Colorado Boulder, zimene mwana angalumikizirepo mababu ndi mabatire kapena kusuntha magalasi pa sikirini. Koma foni yomweyo ndi imene imadya nthawi pa WhatsApp, Facebook ndi TikTok. Muzimupatsa pa ntchito yodziwika, akamaliza abweze.

Mayeso akayandikira

Nthawi yolembetsa mayeso, onetsetsani ndi maso anu, kapena a munthu amene mumamukhulupirira, kuti dzina la mwana lalembedwa molondola ndipo Fizikisi ili pa mndandanda wa maphunziro ake. Zolakwika zimakonzeka msanga zikaoneka msanga. Sabata ya mayeso azigona mokwanira ndi kudya kanthu m'mawa, kaya phala, mbatata kapena chinangwa. Zipangizo zake azilongedze usiku: chitupa cha mayeso, kakyuleta, mapensulo awiri, rula ndi zolembera. Njinga ikonzedweretu.

Za likasa muzikane poyera, ndipo musapereke ndalama kwa aliyense wonena kuti ali ndi mapepala. Mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa dziko lonse chifukwa mapepala adabedwa, ndipo ana onse, olakwa ndi osalakwa omwe, adalembanso mu Januwale 2021. Mwana wogwidwa akubera amataya zotsatira zake, ndipo wodutsa mwa njira imeneyi amakagwa chaka choyamba ku koleji, kumene Fizikisi yomweyo imamudikirira.

Zotsatira zikabwera bwino, funsani msanga za mafomu a NCHE ndi za ngongole ya ophunzira a m'mayunivesite imene boma limapereka kudzera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Zikapanda kubwera bwino, njira sinatsekeke. Angathe kubwereza pa sukulu ya open, kapena kulowa maphunziro a ntchito zamanja kudzera ku TEVETA. Dziko lino likufuna anthu odziwa magetsi, kuyambira ku malo opangira magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira pa mtsinje wa Shire, ku munda wa sola wa mamegawati 60 wa ku Salima umene udayamba kugwira ntchito mu 2021, mpaka m'midzi mwathu muno mmene mapanelo, mapampu a sola ndi zigayo zikuchuluka koma okonza ndi ochepa.

Makolo anzanga, musadikire kuti mupeze ndalama zogulira zonse nthawi imodzi. Sabata ino gwirizanani za ola la mwana lowerengera ndi amene atenge ntchito yake pa ola limenelo. Sabata ya mawa pitani mukaonane ndi mphunzitsi wake. Mukagulitsa mbewu, gulani nyale ndi kakyuleta musanagule china chilichonse. Mwana wanu ali ndi zaka ziwiri zokha zokonzekera pepala limeneli, ndipo gawo lanu palibe wina amene angakugwirireni.